Goby ndi wofatsa kale, nanga thanki yanuyo?

Pa maimelo a sabata ino pali imodzi imene yandisowetsa mtendere. Achemwali ena alemba kuti ali ndi thanki ya madzi amchere ya malita 120, yatha miyezi itatu chiikireni madzi, ndipo muli tinsomba tiwiri totchedwa clownfish, kansomba kamodzi kabuluu kotchedwa damsel ndi makorali ochepa (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala kapena zomera). Funso lawo ndi lakuti: "Ndigule goby wanji wofatsa, woti asamavutitse anzake komanso azindiyeretsera mchenga?"

Achemwali, za kufatsa musadandaule nazo. Banja la nsomba za goby, lotchedwa Gobiidae, lili ndi mitundu pafupifupi 2,000, ndipo yambiri sifika masentimita 10. Magoby ambiri alibe kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zina kuyandama, n'chifukwa chake amangokhala pansi, pamchenga kapena pamwala, atamatirira ndi zipsepse zakumimba zimene zinalumikizana. Nsomba yotere ingathamangitse ndani? Ine amene ndikumukayikira m'thanki mwanumo ndi damsel uja, chifukwa madamsel amakonda kuthamangitsa anzawo. Koma mawu amene andigunda pamtima ndi akuti "azindiyeretsera mchenga", ndipo ndifikako.

Poyamba ndikuuzeni za wanga. Ndili ndi yellow watchman goby, Cryptocentrus cinctus, wachikasu wa timadontho tabuluu kumutu, kukamwa kokhotera pansi ngati wina wamulanda malipiro. Nditangomuika anasowa. Chakudya ndinkathira, anzake n'kudya, iye osaoneka, mpaka ndinayamba kumufuna kuseri kwa kabati poganiza kuti anadumpha. Kenako m'mawa wina ndinaona kamulu ka mchenga pamalo pamene dzulo lake panali posalala. Kunsi kwa mwala kunali una, pakhomo pake pali mutu wachikasu, ndipo pambali pake panatulukira pistol shrimp, kanyama ka m'nyanja ka gulu la nkhanu, akukankha mchenga ndi zala zake zakutsogolo. Shrimp ameneyu ndinali nditamuiwala n'komwe. Anapezana okha, popanda wowalozera.

Mgwirizano wa awiriwa sunditopetsa kuonera. Shrimp wa mtundu wa Alpheus saona bwino, koma ndi katswiri pokumba. Goby amaona bwino, koma kukumba una wolimba si mbali yake. Ndiye shrimp akamatuluka ndi katundu wake wa mchenga, kanyanga kake kamodzi kamakhala katagunda pathupi la goby. Ndikangosuntha dzanja pafupi ndi galasi, goby amagwedeza mchira pang'ono chabe, shrimp n'kubwerera chafutambuyo, goby n'kumutsatira. Madzulo khomo amalitseka ndi tizidutswa ta zigoba, m'mawa kulitsegulanso, nthawi zina mbali ina. Usiku mumamva "thwa!" ngati galasi lang'aluka, ndipo ulendo woyamba mtima umapita m'mwamba. Ndi shrimp yemweyo: chala chake chachikulu chimatsekeka mwaliwiro kwambiri moti chimapanga kathovu m'madzi, ndipo phokosolo ndi la kathovuko pophulika. Alendo akabwera amathamangira kuona clownfish, koma pochoka nkhani imakhala ya awiri a pansi pamwala aja.

Kukumbako kuli ndi vuto lake. Ngati miyala munaisanja pamwamba pa mchenga, shrimp adzafukula pansi pake, tsiku lina mwala n'kutsetsereka, kuphwanya makorali kapena kugunda galasi. Miyala izikhala pansi penipeni pa thanki, mchenga uzithiridwa pambuyo. Muwaikirenso tizidutswa ta zigoba ndi ta makorali akufa tomangira khomo, chifukwa mchenga wosalala wokhawokha umangogumuka.

Tsopano za woyeretsa mchenga. Ndikudziwa amene mukumuganizira: diamond goby, Valenciennea puellaris, woyera wa timadontho ta olenji, kapena mbale wake wamutu wachikasu, Valenciennea strigata. M'mavidiyo amaoneka bwino, akuvuwata mchenga m'kamwa n'kuutulutsira m'mbali mwa mutu uli mbee. Koma iye sikuti akusesa. Akufuna chakudya, tinyongolotsi ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala mumchenga. Thanki ya miyezi itatu ilibe tizilomboto tokwanira, ndipo pansi pa thanki ya malita 120 ndi pang'ono kwambiri kwa nsomba imene imatha kufika masentimita 15. Amatha zonse m'masabata ochepa, kenako n'kumapetabe mchenga wopanda kanthu. Mwini thanki amasangalala kuti mchenga wayera, osaona kuti mimba ya nsomba yalowa m'kati ndipo mutu wayamba kuoneka waukulu kuposa thupi. Zithunzi zotere anthu amanditumizira kawirikawiri, funso lili lakuti "akudwala chiyani?" Sakudwala. Ndi njala.

Kale ndinkayankha mofewa kuti zimatengera thanki. Pano ndinasiya. Wogulitsa amene amapereka nsomba imeneyi kwa munthu wa thanki yatsopano, n'kumuuza kuti ndi yotsukira mchenga, akudziwa bwino chimene chidzaichitikire. Ngakhale m'thanki yaikulu yokhwima, mmene nsombayi imakhuta, walira mvula walira matope: imakwera ndi mchenga m'kamwa n'kuuwaza pamakorali apansi, ndipo inu mumakhalira kuwapemerera ndi kapampu tsiku ndi tsiku. Mchenga wakuda m'thanki yatsopano kawirikawiri ndi ndere zofiirira zotchedwa diatoms, zimene zimachepa zokha thanki ikamakhwima. Zotsalazo ndi ntchito ya payipi posintha madzi, ndi nkhono zingapo.

Poti ndapsa kale mtima, nditchulenso zina zimene zimagulitsidwa ndi dzina la goby. Mandarin, wokongola uja wa mizere yobiriwira ndi ya olenji, ndi wa banja lina, la dragonet, ndipo amadalira tizilombo totchedwa copepods timene amatola pamiyala tsiku lonse. M'thanki yatsopano mathero ake ndi omwe aja. Engineer goby nayenso si goby, amagulitsidwa ali kamwana koma amakula kupitirira masentimita 30, n'kufukula miyala yonse. Catalina goby, Lythrypnus dalli, ndi goby weniweni, wofiira wa mizere yabuluu, koma kwawo ndi kumadzi ozizira a kugombe la California. Thanki ya makorali imakhala pa madigiri 24 mpaka 26, ndipo kutentha kumeneko kumamufupikitsira moyo. Firefish, Nemateleotris magnifica, ndi wachibale wa magoby ndipo ndi wofatsa zedi, koma wamantha moti damsel akamuthamangitsa kangapo amabisala osadya, kapena kudumpha.

Chivindikiro

Magoby amadumpha, onse, ngakhale amene amaoneka aulesi. Nyali ikazima mwadzidzidzi kapena nsomba ina ikamudzidzimutsa, amathamangira m'mwamba, ndipo kampata kodutsa waya wa pampu ndi kokwanira. Kaneti ka timabowo tosapitirira mamilimita 6 kamagwira ntchito, kamalola kuwala ndi mpweya kudutsa. Kaikeni nsomba isanabwere.

Pali malo amodzi pamene kufatsa kwa goby kumathera: akakumana ndi mnzake wofanana naye. Ma watchman awiri amene si mwamuna ndi mkazi wake amayasamulirana kukamwa, kulimbirana una, mpaka wina atasiya kudya. Firefish awiri nawonso chimodzimodzi. M'thanki yaing'ono, pansi pakhale pa goby mmodzi. Mukafuna wachiwiri, akhale wokhala malo ena. Clown goby wachikasu, Gobiodon okinawae, ndi wa masentimita atatu ndi theka, ndipo amakonda kutera panthambi za makorali. Khungu lake lili ndi mamina owawa amene amachititsa nsomba zina kumulavula. Koma ngati mukusunga makorali a nthambi otchedwa Acropora mudziwiretu kuti amatha kujejeda tinthu tamoyo ta koraliyo, makamaka awiri akamakonza poikira mazira. Neon goby, Elacatinus oceanops, wakuda wa mzere wabuluu wowala, wochokera kunyanja za Florida, ndiye ndimamukonda kwa oyamba kumene. Amaswetsedwa m'mathanki, choncho amafika atazolowera chakudya chogula, ndipo amatera pansomba zikuluzikulu n'kumazichotsa tizilombo pakhungu. Musamuyese mankhwala a matenda, ndipo musadabwe akafa msanga, moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena a mtundu wa Eviota ndiye safika n'komwe pamenepo; moyo wa Eviota sigillata supitirira masiku 59.

Ndiye yankho lanu, achemwali. Damsel achoke kaye, ndipo m'malo mwake musaikemo dottyback kapena hawkfish, amene amadya tinsomba ting'onoting'ono ndi shrimp yemwe. Kenako tengani yellow watchman mmodzi ndi tiger pistol shrimp, kapena ngati mukufuna wamng'ono, yasha goby ndi shrimp wotchedwa Alpheus randalli. Pakapita masabata angapo onjezerani neon goby. Aliyense ayambe wakhala m'kathanki kapadera kuti muone ngati alibe matenda. Muziwapatsa mysis, chakudya cha tishrimp ting'onoting'ono, pang'onopang'ono kawiri pa tsiku, mutazimitsa pampu kuti chakudya chifike pansi, apo ayi clownfish amalizira m'mwamba. Pogula pemphani kuti amudyetse inu mukuona, ndipo muweramire muyang'ane mimba yake cham'mbali; ikakhala yolowa m'kati, msiyeni.