Funsani Amakaniko: Kodi ndiitanitse SUV yamagetsi kuchokera kunja?

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 49 ndipo ndimagwira ntchito ku City Centre. Ndatopa nako kugona pamzere wa mafuta. Achimwene anga amene ali ku UK akuti ndigulitse RAV4 yanga, ndiwonjezerepo ndalama, ndiitanitse SUV yamagetsi. Pa intaneti ndaona zotchipa za ku China ndi zina za ku Japan. Koma amuna anga akuti ndi magetsi athu ozimazimawa, galimotoyo idzangosanduka khola la nkhuku. Akunena zoona ndani?

Mayi a ku Area 49

YANKHO: Mayi, mantha a bambo a kunyumbawo ndi omveka, koma akuopa polakwika. Tiyeni tiwerengere limodzi. SUV yamagetsi ya msinkhu wapakati, monga BYD Atto 3, MG ZS EV kapena Hyundai Kona, imadya mayunitsi pakati pa 15 ndi 18 pa makilomita 100. Ndikunena mayunitsi omwewa mumagula pafoni n'kulowetsa mu mita ya ESCOM. Tinene kuti kuchoka ku 49, kutula ana kusukulu, kufika ku City Centre ndi kubwerera madzulo mumayenda makilomita 40. Amenewo ndi mayunitsi 7 basi. Soketi wamba ya m'nyumba imapereka mayunitsi awiri ndi kanthu pa ola, choncho maola anayi akwanira kubweza zonse zomwe mwadya tsikulo. Batire lalikulu la Atto 3 limasunga mayunitsi 60. Ngakhale magetsi atazima masiku atatu otsatizana, inu kuntchito mupitabe. RAV4 yanuyo pa makilomita 100 omwewo imamwa malita pafupifupi 10. Tengani mtengo wa lita lero, muyerekeze ndi wa mayunitsi 18, mudzaona chimene achimwene anu akunena.

Funso limene ndikadakufunsani mukadabwera kugalaja kwathu ku Biwi ndi ili: nyumba mukukhalayo ndi yanu, kapena ya lendi? Mita ndi yanokha, kapena mumagawana ndi a nyumba yakuseri? Malo otchajira mwachangu m'dziko muno ndi osowa, ndiye galimotoyi idzadalira khoma la nyumba yanu. Galimoto imakoka moto wambiri kwa maola ambiri osapuma, zomwe ayironi kapena ketulo sizichita. Masoketi otchipa a mumsika ine ndawaona: mabowo atada bii, pulasitiki itafewa, fungo la chopserera lili m'nyumba monse. Za ekisitenshoni yodutsa pawindo kukafika pabwalo musaziganizire n'komwe. Itanani wamagetsi wa chiphaso akoke waya wakewake kuchoka pa bokosi, wokhala ndi buleka yake, ndipo aone ngati waya wa chitetezo wopita pansi uja akugwiradi ntchito. Nyumba zambiri muno wayayo amangoonetsera. Mukafuna tchaja ya pakhoma ya 7 kW, imene imadzaza batire lonse usiku umodzi, dziwani kuti imakoka ma amp 32, ndipo nyumba ina ndi ina singapirire popanda kukonzanso mawaya. Sola ya panyumba yoyatsira mababu ndi TV siyingathandize pamenepa, batire lake ndi kachidutswa chabe ka batire la galimoto.

Pamene bambo akunena zoona ndi pa ulendo wautali. Atto 3 amailembera makilomita 420, koma mukathamanga 100 pa M1, AC ili yoyatsa, ana ndi katundu ali m'mbuyo, simufikako. Ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300: mukafika, koma mtima uli m'mwamba, kenako galimoto ikufuna tsiku lathunthu ndi usiku womwe pa soketi ya achibale isanabwerere. Ku Mzuzu n'kutaliko kuposa apo, ndi zitunda za ku Chikangawa. Ku Salima, makilomita pafupifupi 100, n'kwabwino, ndipo potsetsereka kulowera kunyanja galimoto imabweza moto wina mu batire, ngakhale pokwera pobwerera imadya zambiri. Maliro akagwa kumudzi usiku, batire lili theka, mudzasowa RAV4 ija.

Tsopano kogula. Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu amalira.

Zotchipa za ku China mwaonazo, zambiri ndi zopangira msika wa ku China komweko, ndipo chiwongolero chake chili kumanzere. Ife timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero kumanja. Yesani kupitirira thiraki pa msewu wa ku Dedza mutakhala mbali ya kutchire, mukudalira mwana kuti akuuzeni ngati kutsogolo kuli bwino. Komanso mtunda umene amalemba pa galimoto za msika wa ku China amauyeza mwa njira yotchedwa CLTC, imene imatulutsa nambala yokoma kuposa WLTP ya ku Ulaya. Zolemba za pa sikirini nthawi zina zimakhala za Chitchaina chokhachokha, ndipo app yake imafuna nambala ya foni ya kumeneko. Sindikunyoza galimoto za ku China ayi. BYD yomweyo imagulitsidwa ku South Africa ndi ku UK ili ndi chiwongolero kumanja. Funani yotero.

Chachiwiri ndi kamwa lotchajira. Za ku UK ndi ku South Africa zimakhala ndi Type 2 ndi CCS2, za ku Japan CHAdeMO, za ku China GB/T. Sizilowana. Ma adapter alipo, koma otchajira mwachangu ndi odula ndipo ena amakana kugwira. Ine ndikadasankha CCS2, chifukwa ndi imene aneba athu kummwera akugwiritsa ntchito. Apa achimwene anu ali ndi mwayi: ku UK magetsi ndi 230V ngati athu, pulagi ndi ya mano atatu ngati yathu, chingwe chake chimangolowa. Chingwe chochokera ku Japan chikhoza kukhala cha 100V kapena 200V, muyambe mwawerenga zolembedwapo musanachibaye pakhoma.

Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, musakopeke ndi penti kapena makilomita ochepa. Pemphani lipoti la thanzi la batire, amati SOH. Limanena kuti batire latsala ndi mphamvu zingati pa 100 zilizonse zimene linabadwa nazo. Wogulitsa akamazemba funso limeneli, musiyeni. Achimwene anu akhoza kupita okha kukaiona ndi kuiyezetsa. Makampani ambiri amalonjeza batire zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma galimoto ikatuluka m'dziko limene inagulitsidwa, lonjezolo kawirikawiri limatsala konko.

Ndalama. Wogulitsa akufuna madola kapena mapaundi, ndipo chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 nkhani ya ndalama zakunja mukuidziwa nokha. Pitani kubanki kaye musanalonjeze munthu aliyense. Lipirani ku akaunti ya kampani, ndipo mukalandira uthenga woti akaunti yasintha mwadzidzidzi, imani pomwepo muimbe foni, akuba ambiri amalowera apa. Msonkho a MRA amawerengera pa mtengo wa galimoto kuphatikiza inshulansi ndi mtengo wa sitima yapamadzi. Malamulo a msonkho wa magalimoto amagetsi amatha kusintha ndi bajeti, ndiye musadalire za pa WhatsApp zoti "zamagetsi n'zaulere". Tengani invoisi yeniyeni, mupite nayo ku MRA kapena kwa ejenti wa chiphaso, akulembereni papepala zimene mudzalipire. Funsaninso kampani ya sitima ngati imalola galimoto yamagetsi yakale, chifukwa ena amakana poopa moto wa mabatire.

Pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Vitz ikafika pa doko la Dar es Salaam, timatuma dalaivala, amathira mafuta n'kuiyendetsa kudzera pa Songwe, kukwera Chiweta mpaka kuno, makilomita oposa 1,500. Yamagetsi singatero. Iyenera kukwera lole yonyamula magalimoto, kaya ichokere ku Dar, ku Beira kapena ku Durban, ndipo mtengo umenewo muuike mu bajeti kuyambira pachiyambi. Muwauze onyamulawo kuti isakokedwe ndi chingwe matayala ali pansi, mota imaonongeka. Ikakana kuyaka pa doko, asayambe kuimasula: kawirikawiri ndi kabatire kakang'ono ka 12V kamene kafooka pa ulendo wa panyanja. Ikafika, zotsala ndi zomwe mukuzidziwa: chikalata cha apolisi, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi.

Kunena za ife amakaniko, mabuleki, mashoko, mabushi ndi matayala tikonza bwinobwino. Oilo wa injini, mapulagi ndi lamba wa injini mwapuma nazo. Koma mawaya a mtundu wa lalanje a m'galimoto yamagetsi amanyamula ma volt mazana angapo, amapha, ndipo mnyamata wa sipanala asawakhudze. Nyali kapena galasi likasweka mudzadikira sipeya kuchokera kunja. Zambiri sizibwera ndi tayala lapadera, gulani lanu ndi jeke, maenje athu mukuwadziwa.

Maganizo anga ndi awa: ngati nyumba ndi yanu ndipo pakhomo patsala galimoto ina ya mafuta, itanitsani, ya chiwongolero kumanja, ya CCS2. Ngati RAV4 ndi yokhayo ndipo kumudzi n'kutali, gulani hybrid, imene imayendera mafuta ndi batire pamodzi. Pamzere mudzaimabe, koma mwa apo ndi apo.

FUNSO: Amakaniko, kwathu ku Chinsapo mvula ikagwa msewu umadzaza madzi. Kodi galimoto yamagetsi singandigwire shoko ndikalowa m'madzimo?

Bambo a ku Chinsapo

YANKHO: Ayi achimwene, batire ndi lomatidwa bwino, mvula ndi zithaphwi sizilowa, ngakhale kuitsuka ndi payipi palibe vuto. Chimene muope ndi miyala. Batire limakhala pansi pa galimoto, ndipo mwala wobisala m'madzi ukaliboola kapena kulipinda, ndalama yake ikhoza kuyandikira mtengo wa galimoto yonse. Musanagule, funsani kutalika kwake kuchoka pansi. Madzi akafika pa khomo la galimoto, bwererani. Ikamira, musaiyatse, muiimike kutali ndi nyumba mpaka wodziwa aione.