Gemu yoyambira RPG: yankho kwa achemwali a ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Santhe, mphunzitsi wa ku pulaimale. Akuti mlongo wawo amangokhalira kukamba za magemu a RPG, iwo anayesapo imodzi pa foni koma anaphedwa kasanu asanadziwe n'komwe pothawira, mpaka anaifufuta. Funso lawo n'lakuti: kodi ilipo ina yoti munthu wongoyamba kumene n'kusewera osapsa mtima, komanso yosamaliza bandulo?

Ilipo achemwali, dzina lake Stardew Valley. Ndikudziwa kuti mlongo wanuyo akamva aseka, ati imeneyo ndi gemu ya alimi. Musiyeni aseke. RPG ndi gemu imene umakhala munthu wina wake m'nkhani, n'kumamukulitsa pang'onopang'ono, luso lake likukwera, zida zake zikusintha, anthu a m'nkhanimo akumuzolowera. Zonsezi zilimo muno. Kungoti m'malo mokupatsani lupanga tsiku loyamba, amakupatsani khasu.

Nkhani yake ndi yoti ife a kuno ku Kasungu sitingaiphonye. Munthu watopa ndi ntchito ya mu ofesi m'tauni, pa kampani yotchedwa Joja, ndiye watsegula kalata imene agogo ake aamuna anamusiyira n'kupeza kuti anamulembera munda kumudzi, pafupi ndi Pelican Town. Akafika amapeza thengo lokhalokha, miyala ndi zitsa. M'manja muli khasu, nkhwangwa, piki, chikwakwa ndi kheni yothirira, m'thumba muli ndalama 500 za m'gemumo, ndipo mkulu wa mudzi, a Lewis, amakusiyirani mbewu 15 za parsnip, kambewu kooneka ngati karoti woyera. Mumagaula, kudzala, kuthirira m'mawa uliwonse, pakatha masiku 4 mwakolola. Aliyense amene anathirirapo nazale ya fodya mu Okutobala safunika kumuphunzitsa zimenezi. Apa ndi pamene ndimaikondera gemuyi: imayamba ndi zimene mukuzidziwa kale, zachilendozo imabweretsa chimodzichimodzi. Kumgodi kumene kuli zilombo sikutseguka mpaka tsiku lachisanu, ndipo palibe amene amakukakamizani kupitako.

Za kuphedwa kuja, mtima m'malo. Muno mulibe kugonja kotheratu. Mukakomoka kumgodi mumataya ndalama zina ndi katundu wina, n'kudzuka nkhani ikupitirira. Mgodiwo ndi wa magawo 120 kupita pansi, koma magawo asanu alionse pali chikepe, choncho simuyambiranso pamwamba. Maluso alipo asanu, ulimi, kukumba miyala, kutola zakutchire, kuwedza ndi kumenya nkhondo, ndipo lililonse limakwera mpaka pa 10 pongogwira ntchitoyo. Simufunika kuwerengetsera manambala ngati magemu ena aja okhala ndi matebulo odzaza sikirini yonse.

Si kuti simungalakwitse ayi. Chaka cha m'gemumo chili ndi nyengo zinayi, iliyonse ya masiku 28, ndipo nyengo ikasintha mbewu zambiri zimafota usiku womwewo. Ine ulendo woyamba ndinakhuthula ndalama zonse kugula mbewu za kolifulawa, 80 imodzi, n'kudzala nyengo yoyamba itatsala ndi sabata imodzi. Kolifulawa amafuna masiku 12. Ndinathirira mokhulupirika masiku onsewo, kudzuka tsiku loyamba la nyengo yotentha munda wonse uli gwaa, wouma. Mdzukulu wa mlimi, kudzala mochedwa chonchi! Agogo anga akanamva akanati ndawachititsa manyazi. Akhwangwala nawonso alimo, mbewu zikapitirira 15 amabwera kudzadya, mpaka mutaimika chidole chowaopsezera. Koma zolakwa zonsezi mtengo wake ndi kuchedwa basi, nyengo ina ikubwera.

Chinanso chokuyenerani inu a ntchito ndi nthawi. Tsiku la m'gemumo limayamba 6 koloko m'mawa, ndipo ikakwana 2 koloko usiku musanagone mumagwa ndi tulo pomwe mulipo. Pa wotchi yathu tsiku lonselo ndi mphindi pafupifupi 14. Mutha kusewera tsiku limodzi mutamaliza kuchonga makope, n'kugona. Ndikuchenjezeni komabe, vuto lake ndi kamawu kakuti "tsiku limodzi lokha lomaliza". Ine ndinapsereza nako nyemba.

Za bandulo: mukaikopera kamodzi imaseweredwa popanda intaneti, mulibe zotsatsa malonda, ndipo sikupemphaninso ndalama pakati. Zithunzi zake ndi zachikalekale, za timadontho, choncho sifuna foni yapamwamba kwambiri. Anaipanga munthu mmodzi yekha, Eric Barone wa ku America, kwa zaka zinayi ndi theka, zojambula, nyimbo, nkhani, zonse yekha. Inatuluka pa kompyuta mu 2016, pa iPhone mu 2018, pa Android mu 2019.

Zovuta zake sindikubisirani. Choyamba ndi yogula, ndipo kulipira pa Google Play kumafuna khadi yololedwa kugula pa intaneti, chinthu chimene ambiri kuno chimatisowetsa mtendere. Musakopeke ndi aja amati akuikirani yaulere kuchokera pa masamba osadziwika, mungalowetse zoipa m'foni imene mumasungiramo ndalama. Chachiwiri, Chichewa mulibe, ndipo anthu a ku Pelican Town ndi olongolola. Kwa inu aphunzitsi Chingerezi chake ndi chofewa, koma mwana wa Sitandade 3 angafunike womuwerengera.

Chachitatu ndi kuwedza, kumene kwathawitsa anthu ambiri. Nsomba ikadya nyambo pamabwera kabokosi kobiriwira koti muzikakweza ndi kukatsitsa ndi chala kutsatira nsombayo, ndipo masiku oyamba imakupulumukani pafupifupi nthawi zonse. Ine ndinatsala pang'ono kuponya foni. Pitani kugombe kwa a Willy, amene amakupatsani mbedza yoyamba, mukagule ina yophunzirira ya ndalama 25. Imagwira nsomba wamba zokhazokha koma kabokosiko kamakula, dzanja limazolowera.

Mlongo wanuyo akalimbikira kuti RPG yeniyeni ndi ya nkhondo, muuzeni kuti mudzafikako. Mukazolowera kukweza luso ndi kusunga zida, magemu ngati Dragon Quest, imene inayamba ku Japan mu 1986 ndipo adani mumamenyana nawo mosinthana osathamangitsidwa, sadzakuvutani.

Mukaipeza, sabata yoyamba musalime munda waukulu, mphamvu zimatha msanga pothirira. Dzalani zija 15, onjezani mbatatesi pang'ono, nthawi yotsalayo muziyenda m'mudzi kulonjera anthu. Ndipo Lachitatu musavutike kupita kusitolo ya a Pierre kukagula mbewu, amatseka. Ine ndinaima pakhomo pawo kawiri konse ndisanazindikire.