Malume, za Dodgers ndi chikho chachitatu

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona pagulupu, koma nkhaniyi ndi yaitali, kulemba sindikanamaliza, ndiye ndangoti ndilankhule. Mwafunsa za timu ya chipewa chabuluu chija cha zilembo za LA, kuti mwamva yatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, kodi chaka chino cha 2026 itenganso? Komanso mwati kodi n'zoona zomwe anthu akunena, kuti anyamatawa amangogula chikho ndi ndalama?

Eya, ndi Los Angeles Dodgers imeneyo, timu ya baseball ya ku America. Ndiyambe ndi yankho, kuti netiweki ikadula mukhale mutamva kale. Kulowa m'ndime ya chipulula ya mu Okutobala adzalowa, pamenepo mtima wanga uli m'malo. Koma chikho chachitatu sindingakulonjezeni, Malume, ndipo amene akukuuzani kuti chatengedwa kale sanaonetsetse mmene chachiwiricho chinabwerera.

Ligi yake, MLB, ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 162, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Pafupifupi tsiku lililonse kuli gemu. Kulibe kulepherana, amasewera mpaka wina agonje, ndipo kulibe zotuluka mu ligi. Zikatha zimenezo matimu 12 amalowa m'chipulula, awiri otsala ndi amene amakumana mu World Series, ndipo woyamba kupambana magemu 4 ndiye mwini chikho. Ndiye taonani, miyezi 6 ya ntchito imakathera pa masabata ochepa a Okutobala, ndipo m'masabata amenewo timu yaikulu imatha kugwa ngati ina iliyonse. Dodgers yomweyi mu 2022 inapambana magemu 111, kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho, koma San Diego Padres inaitulutsa itangolowa m'chipulula. Mu 2023 inapambana 100, Arizona Diamondbacks n'kuikwapula magemu 3 otsatizana, basi, kubwerera kunyumba. Ndalama zinalipo nthawi imeneyonso.

Tsono chikho cha chaka chatha. Cha 2024 chija anachitenga bwinobwino, anagonjetsa New York Yankees magemu 4 kwa 1. Koma cha 2025, ndi Toronto Blue Jays ya ku Canada, aaa, Malume, mpaka lero ndikachikumbukira mtima umagunda. Gemu yachitatu inatenga zigawo 18 m'malo mwa 9, maola oposa 6, mpaka Freddie Freeman anamenya mpira n'kuudumphitsa mpanda, ija amati home run. Ngakhale zinatero, Dodgers inabwerera ku Toronto ikutsalira 3 kwa 2, kutanthauza kuti kugonja kamodzi kokha zonse zatha. Inapambana gemu ya 6. Gemu ya 7, pa 1 Novembala, inalowa chigawo cha 9 ikugonja 4 kwa 3, kutatsala kutulutsa omenya awiri okha a Dodgers kuti Toronto inyamule chikho, poti omenya atatu akatulutsidwa mpata wa timu womenya m'chigawocho umatha. Amene anaipulumutsa si mmodzi wa osewera odula aja ayi, anali Miguel Rojas, bambo wa zaka 36 wa ku Venezuela amene nthawi zambiri amakhala pabenchi. Anamenya home run, 4 kwa 4. M'chigawo chomwecho Toronto inadzaza mabesi onse atatu, malo amene wosewera amadutsamo asanafike pomaliza n'kugoletsa, munthu wawo anatsala pang'onong'ono kuti aponde pomaliza n'kuthetsa nkhani, mpira unangomutsogolera ndi kamphindi. Kenako m'chigawo cha 11 Will Smith anamenya home run ina, n'kutha 5 kwa 4. Mukaphatikiza zigoli za magemu onse 7, Toronto inagoletsa zambiri kuposa Dodgers. Ine ndimaikonda timuyi, koma chilungamo chake n'chakuti chikho chimenecho chikanatha kutsala ku Canada ndipo palibe akanati abera.

Za ndalama, anthuwo sakunama. Ku MLB kulibe malire a malipiro a timu, kuli msonkho chabe umene timu imalipira ikapyola mlingo woikika, ndipo Dodgers imangolipira. Pa sizoni ya 2025 msonkho wokhawo unapitirira madola 160 miliyoni. Shohei Ohtani wa ku Japan anasaina mu Disembala 2023 kontirakiti ya zaka 10 ya madola 700 miliyoni, koma 680 miliyoni mwa zimenezo anavomera kudzalandira kontirakitiyo ikadzatha, kuti timu ikhale ndi mpata wogula anzake. Yoshinobu Yamamoto, wa ku Japan yemweyo, zaka 12, madola 325 miliyoni. Ndipo atangotenga chikho sanapume. Mu Disembala 2025 atenga Edwin Díaz kuchokera ku New York Mets, zaka 3, madola 69 miliyoni. Ameneyu ntchito yake ndi kuponya chigawo chomaliza timu ikamatsogola, kutseka gemu, ndipo apo m'pamene panali bala lalikulu chaka chatha, magemu ambiri anatayika kumapeto. Mu Januwale atenganso Kyle Tucker kuchokera ku Chicago Cubs, zaka 4, madola 240 miliyoni, womenya bwino amene matimu akuluakulu ankamulimbirana. Ndiye ndikumvetsa chifukwa chake otsatira matimu a m'mizinda ing'onoing'ono, monga Pittsburgh kapena Milwaukee, akuwawidwa mtima. Ali ndi mfundo. Kungoti ndalamazo sizigwa kumwamba, chaka chatha anthu oposa 4 miliyoni analowa pa Dodger Stadium m'magemu 81 apakhomo, kuwonjezera za TV ndi makampani a ku Japan amene abwera kutsatira Ohtani. Ndipo alipo matimu ena olemera amene amawononga zochuluka koma osafika n'komwe m'chipulula, Mets ya chaka chatha ndi imeneyo.

Inu ndinu mlimi, Malume, mukudziwa kuti ndalama zimagula mbewu ndi feteleza koma mvula sizigula. Mvula ya timuyi ndi mikono ya oponya mpira. Apa ndikhalitsepo, chifukwa kwa ine sizoni yonse yagona pamenepa.

Woponya woyambitsa gemu amaponya mipira pafupifupi 100 usiku umodzi, ina pa liwiro lofika makilomita 160 pa ola, ina akuipotokola ndi dzanja kuti ikhote. Chigongono ndi phewa la munthu sizinalengedwere zimenezo. Papepala Dodgers ili ndi oyambitsa amene timu iliyonse ingawasirire: Yamamoto, Blake Snell, Tyler Glasnow, Ohtani, Roki Sasaki, ndi mnyamata Emmet Sheehan. Koma muone chaka chatha. Snell anavulala phewa mu Epulo, anabwerera mu Ogasiti. Glasnow phewanso, anasowa miyezi yoposa iwiri. Sasaki phewa, kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Ohtani wachitidwa opaleshoni ya chigongono kawiri, mu 2018 ndi mu 2023, ndipo anayambiranso kuponya mu Juni, pang'onopang'ono, chigawo chimodzi, kenako ziwiri. N'chifukwa chake timu yodula choncho inangopambana magemu 93, Padres ili pambuyo ndi magemu 3 okha. Mwayi wake unali woti onsewo anachira nthawi imodzi, Okutobala atayandikira. Zikanasinthana, akanakhala bwino mu Meyi n'kuvulala mu Seputembala, bwenzi lero tikukamba zina.

Amene ndikumudera nkhawa kwambiri ndi Yamamoto. Iyeyu ndi amene anasenza timu chaka chonse anzake ali kuchipatala. M'chipulula anaponya gemu yathunthu yekha kawiri motsatizana, ndi Milwaukee kenako ndi Toronto, zomwe masiku ano sizioneka. Gemu ya 6 anaponya mipira 96, mawa lake lomwelo, osapuma ngakhale tsiku limodzi, analowanso kudzamaliza gemu ya 7. Mwa magemu 4 amene Dodgers inapambana, 3 analembedwa kwa iye, ndipo anamusankha kukhala wosewera wopambana onse. Munthu wake si wamkulu thupi. Mkono umene wagwira ntchito yotero mpaka Novembala, sindikudziwa kuti wapuma mokwanira... ayi, ndinene chonchi, ndikufuna mphunzitsi Dave Roberts amusamale, ngakhale zitatanthauza kutaya magemu angapo mu Epulo ndi Meyi. Ku Japan oponya anazolowera kuponya kamodzi pa sabata, ndipo Dodgers imayesetsa kuwapatsa mpumulo wotalikirapo. Apitirize. Ine ndingakondwe ndi magemu 92 ndi mikono yamoyo kusiyana ndi magemu 110 ndi mikono yotha.

Chikuwonjezera nkhawa n'chakuti mu Malichi muno kuli World Baseball Classic, mpikisano wa mayiko, ndipo Japan ikuteteza chikho chomwe inatenga mu 2023. Osewera amachoka ku kampu ya timu ku Glendale, ku Arizona, n'kukasewera ndi mtima wonse thupi lisanakonzeke. Díaz amene tangomugulayu anavulala bondo pa mpikisano womwewu mu 2023, akusangalala ndi anzake a Puerto Rico gemu itatha, ndipo sizoni yonse ya chaka chimenecho sanasewere. Sindiwaletsa, kusewerera dziko lako ndi ulemu, koma ndidzapuma bwino onse akadzabwerako ali athunthu.

Za Ohtani ndisakubisireni, munthu ameneyu ndi chifukwa chokwanira chodzukira usiku. Mu baseball woponya amaponya, womenya amamenya, iye amachita zonse ziwiri, ndipo zonsezo pamwamba. Mu 2024 anamenya ma home run 54 n'kuba mabesi 59, kutanthauza kuthamangira besi yotsatira osadikira kuti mnzake amenye mpira, woyamba m'mbiri kufika 50 mbali zonse. Chaka chatha 55. Pa gemu yomwe inatulutsa Milwaukee anaponya zigawo 6 osagoletsetsa, anatulutsa omenya 10, iye yemweyo n'kumenya ma home run 3. Chaka chino ndi choyamba kuti ayambe sizoni mu yunifomu ya Dodgers ali wokonzeka kuponya kuchokera pachiyambi. Funso ndi lakuti thupi limodzi lingasenze ntchito ziwirizo miyezi 7.

China ndi ukalamba. Freeman ali ndi zaka 36, Max Muncy 35, Mookie Betts 33 ndipo akusewera shortstop, malo ofuna miyendo kwambiri, komanso chaka chatha kamenyedwe kake kanatsika. Teoscar Hernández nayenso 33. Mu World Series omenyawa anavutika zedi, oponya ndi amene anawanyamula. Tucker wa zaka 29 wabwera kudzathandiza pamenepo, ndipo ndikuona kuti kugula kumeneku kunali kwa nzeru, osati kongodzionetsera. Komanso kulibe woponya Clayton Kershaw. Wapuma atasewera zaka 18 mu timu imodzi yomweyi, atatulutsa omenya oposa 3,000. Mphamvu zinali zitachepa, inde, koma anyamata ankamuyang'ana iye zinthu zikavuta. Rojas wasainanso chaka chimodzi, akuti ndi chomaliza, ndipo ndakondwa kuti wamkulu wina watsala m'chipinda chovalira.

Kuti mudziwe kukula kwa chomwe akufunachi: kutenga chikho katatu motsatizana kunachitika komaliza ndi Yankees, 1998, 1999 ndi 2000. Ena anachitapo ndi Oakland Athletics, 1972 mpaka 1974, ndi Yankees yomweyo kalekale. Ku National League, mbali yomwe kuli Dodgers, palibe timu inachitapo. M'gulu lawo muli Padres, San Francisco Giants, Diamondbacks ndi Colorado Rockies, ndipo kuyambira 2013 Dodgers yalephera kukhala pamwamba pa gululi kamodzi kokha, mu 2021. Ndiye gululo ndikuwapatsa. Oopsa ali kutsogolo, Philadelphia Phillies, Milwaukee, ndipo kutsidya kuli Toronto yomwe ili ndi mkwiyo, Yankees ndi Seattle Mariners.

Pali lamulo latsopano lomwe mudzaliona. Woyimbira akaweruza mpira woponyedwa, woponya, wowakha kapena womenya akhoza kugwira chipewa chake kusonyeza kuti sakugwirizana nazo, makamera n'kuonetsa pomwe mpira unadutsa. Timu iliyonse ili ndi mwayi kawiri pa gemu, ndipo ikakhala kuti inalondola mwayiwo sutha. Ine ndalilandira, chifukwa gemu yaikulu isamathere pa diso la munthu mmodzi. Chomwe chikundidandaulitsa ndi china: mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera ukutha pa 1 Disembala chaka chino, eni ambiri akufuna malire a malipiro, osewera akukana, ndipo dzina lomwe likutchulidwa pa mkanganowu ndi la Dodgers. Ikatenganso chikho, phokoso limenelo lidzakula, ndipo sizoni ya 2027 ikhoza kuchedwa kuyamba.

Mukafuna kutsatira, gemu yoyamba ili pa 26 Malichi pakhomo, ndi Diamondbacks. Kumeneko muli patsogolo ndi maola 9, ndiye magemu ausiku a kuno, oyamba cha m'ma 7, kwanuko ndi cha m'ma 4 m'bandakucha. Osavutika ndi onse 162, bandulo ingathe. MLB imaika zidule za gemu iliyonse pa YouTube, za mphindi zochepa, ndizikuponyerani pagulupu pano za masiku amene Ohtani kapena Yamamoto waponya. Ndipo musatekeseke akagonja magemu asanu otsatizana mu Juni, zimachitika chaka chilichonse. Mudzandifunsenso kumayambiriro kwa Seputembala. Ngati Yamamoto, Snell, Glasnow ndi Ohtani onse anayi adzakhale akuponya, ndidzakuuzani kuti tiyembekezere chachitatu. Akadzasowapo awiri, ndiye kuti zavuta. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse, ndiimba Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi.