Visa ya ogwira ntchito pa intaneti imayeza thumba, osati luso

Wowerenga wina wandilembera kuti amakonza mapulogalamu a pakompyuta a kampani ya ku Germany ali ku Lilongwe, ndipo akufuna kudziwa ngati angakakhale ku Cape Town n'kumagwira ntchito yomweyo. Funsoli landitokosa pachilonda.

Inenso ndinaimapo pamzere pa ofesi ina yopereka ma visa, nditakumbatira envulopu yodzaza ndi masatifiketi komanso makalata ondichitira umboni. Kalaliki anasolola chikalata cha kubanki chokha, anatsetsereza chala mpaka pamzere womaliza, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Masatifiketi aja sanawakhudze n'komwe, ndipo ndinabwerera nawo kunyumba ali m'ndondomeko imene ndinawaikira.

Mtima umenewu ndi umene uli m'malamulo a ma visa amene mayiko ena amapereka kwa alendo ogwirira ntchito makampani akunja pa intaneti. Barbados itatsegula khomo mu 2020 inafuna anthu opeza madola a ku America 50,000 pachaka, pamene Namibia mu 2022 inati madola a ku America 2,000 pamwezi kuti munthu akhaleko miyezi isanu ndi umodzi. South Africa inayamba mu 2024 ndi R1 miliyoni pachaka, ndipo mu Okutobala, pansi pa nduna yoona za m'dziko Leon Schreiber, inatsitsa kufika pa ndalama zopitirira pang'ono R650,000. Maboma amanena kuti akusaka anthu aluso, koma ine sindikhulupirira, chifukwa amene akumufuna ndi mlendo wolipira lendi yokwera amene sadzapempha ntchito kapena chithandizo. Chopweteka n'chakuti makampani ambiri akunja amaika malipiro potengera kumene munthu akukhala, motero Mmalawi amalandira zochepa kuposa mnzake wa ku Berlin pa ntchito yofanana, kenako malipiro ochepawo ndi amene amamutsekera khomo. Britain nayo inakweza malipiro ofunika pa visa ya antchito aluso yotchedwa Skilled Worker kuchoka pa £26,200 kufika pa £38,700 mu Epulo 2024, ngati kuti luso la munthu limasintha ndi kalendala.

Nanga inu muchite chiyani?

Masiku 30 amene pasipoti ya Malawi imakupatsani ku South Africa ndi ochezera, ndipo kuwapitirira kungakuletseni kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Ngati malipiro anu akufika pa mlingo uja, pemphani visa ya ogwira ntchito pa intaneti (remote work) musananyamuke, muli ndi kontilakiti ndi zikalata za kubanki. Mukakhalako masiku opitirira 183 m'chaka, muyenera kukalembetsa ku SARS, bungwe lotolera misonkho la dzikolo.