Nyanja ikamatuluka ngati khoma la buluu

Wojambula wina wa ku Salima watilembera pa imelo. Akuti amagwiritsa ntchito penti ya acrylic, ndipo mitengo ndi anthu zimamuyendera bwino, koma akafika pa madzi nyanja imangotuluka ngati khoma lopakidwa buluu. Wafunsanso kumene angapeze maganizo atsopano, poti watopa ndi kujambula dzuwa likulowa m'nyanja ndi bwato limodzi pakati.

Anzanga, vuto limayamba burashi isanakhudze chinsalu. Tinakula tikudziwa kuti madzi ndi a buluu, koma tungani a m'nyanja m'kapu muone, alibe mtundu. Diso limaona zinthu zitatu: mlengalenga woonekera pamwamba pa madzi, zimene zili pansi pake, ndi mafunde amene amaswa ziwirizi. Mukayang'ana pamapazi panu, pamwamba pa madzi pamabweza kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi 2 pa 100, n'chifukwa chake mumaona mchenga ndi miyala. Mukamakweza maso kulowera kutali, pansi pamabisika ndipo mlengalenga umalamulira. Choncho mtundu umodzi sungakwane kuchokera kugombe mpaka kuchizimezime.

Posakaniza penti ya mlengalenga, sakanizani yochuluka kawiri, yotsalayo muideretse pang'ono ikhale ya madzi akutali. Pakati pa nyanja ikani mitundu iwiri ya buluu, ultramarine ndi phthalo blue, n'kudonthezamo burnt sienna (penti yofiirira ngati katondo) pang'ono kuti buluuyo asakuwe. Samalani ndi phthalo, ndi wamphamvu zedi, kadontho kamodzi kamameza mitundu yonse. Cha kugombe tengani yellow ochre (penti yachikasu choderako) ndi yoyera, buluu angonunkhiramo. Shire wa m'dzinja ndi nkhani ina: pansi pake ndi burnt umber (penti yabulawuni yoderako) ndi ochre, mlengalenga umangobwera pamwamba ngati timizere totuwa.

Mzere wa kuchizimezime uwongoke. Yezani ndi rula m'mbali zonse ziwiri, matani masking tape (tepi yapepala), chifukwa ukapendekeka pang'ono pokha aliyense amaona. Pakani mitundu itatu ija ndi burashi yafulati ya masentimita 4 kapena 5, muilowetsane isanaume. Acrylic amauma m'mphindi zochepa, makamaka mu Okutobala, ndiye khalani ndi kabotolo kopopera madzi. Kumbukiraninso kuti amadera akauma. Yesani kaye pa kapepala.

Pa chithunzithunzi cha zinthu m'madzi ndi pamene ambiri amagwera. Chimatsika molunjika pansi pa chinthucho, sichitsatira kumene dzuwa lili. Chotsatira dzuwa ndi mthunzi, ndipo mthunzi suoneka bwino pa madzi akuya oyera, umaoneka pa amatope kapena pa mchenga wa pansi pamene pali posaya. Chinthu choyera chimaoneka choderako m'madzi, chakuda chimaoneka chowalirako. Ndipo musangotembenuza bwato chadodolido: m'madzi mumaoneka kunsi kwa bwato, zam'kati mwake sizioneka. Penti ya pansi ikadali yaiwisi, kokani mtundu wa bwato kapena wa bango kuchokera pamwamba kutsika, kenako dutsani chopingasa kamodzi kapena kawiri ndi burashi yofewa youma. Mukabwereza kasanu zonse zisanduka matope.

Mafunde abwere zimenezi zitauma. Apafupi ndi aakulu ndi otalikirana, akutali amachepa, amathithikana, mpaka kungotsala mizere yopyapyala. Mukawapanga ofanana msinkhu, khoma lija labwerera. Mbali ya funde yoyang'ana kwa inu imadera, msana wake umatenga mtundu wa mlengalenga. Thovu nalo si loyera lonse, kunsi kwake kuli mthunzi wotuwa mwabuluu. Penti yoyera ya titanium white yosasakaniza muisungire kumapeto, madontho ochepa pamene dzuwa likuthwanima. Kwa ine khumi okha oikidwa pamalo pake amaposa zana omwazidwa paliponse.

Tsopano za maganizo. Funso lanu lomwe laulula kanthu: ku Senga Bay nyanja ili kum'mawa, dzuwa limatulukira pamadzi, sililowerapo. Lolowera m'nyanja ndi la ku Chembe, ku Cape Maclear. Ndiye kuti mwakhala mukujambula zimene munaona pa zithunzi za ena, pamene nyanja yeniyeni muli nayo pafupi.

Gulani kabuku kopanda mizere ndi pensulo yofewa ya 4B. Sankhani malo amodzi, muziwajambula m'timabokosi ta masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndi magawo atatu okha: powala, pakatikati, pakuda. Kalikonse kasapitirire mphindi 5, ndipo pambali lembani ola, mphepo ndi mitundu imene mwaona. Claude Monet, katswiri wojambula wa ku France, anajambula dziwe la maluwa la pakhomo pake ku Giverny zithunzi pafupifupi 250, malo omwewo, kuwala kokha ndiko kunkasintha. Inu muli ndi zambiri kuposa dziwe. Mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi nyanja imadera n'kuchita mzere wakuthwa kuchizimezime, pamene m'mawa wa bata madzi ndi mlengalenga zimalowana osaona polekezera. Pali nyali za asodzi a usipa usiku, iliyonse ndi mzere wake wautali wonjenjemera wotsika pamadzi. Pali miyendo ya amayi otsuka mbale, yooneka yofupika ndi yothyoka pamene yalowa m'madzi. Pali nkhungu, tizilombo touluka tija, zikamakwera pakati pa nyanja. Kachithunzi kamodzi mwa khumi kadzakukokani mtima, ndipo kameneko ndi koyenera chinsalu chachikulu.

Foni ithandize koma isalamule. Kamera imaumitsa funde ndipo kawirikawiri imadetsa mithunzi mopitirira. Bwino kujambula vidiyo ya masekondi 20, kuionera kangapo mpaka mutagwira mmene funde limakwerera ndi kusweka, kenako n'kuiimitsa pamene mukufuna, koma mitundu mutenge pa zimene munalemba m'kabuku muli pagombe.