Muone kaye zomwe analemba pa nkhani ya ZESCO mu 2018

Alongo, musamuyankhe lero mtolankhani akukupemphani kuti mucheze naye za ngongole ya dziko linoyo, dikirani kaye. Atolankhani otera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda Lolemba n'kunyamuka Lachinayi nkhani ili kale m'thumba ndi amene anachotsetsa azakhali anga ku Soweto Market, msika waukulu wa ku Lusaka.

Munali mu 2018, nthawi ija paliponse pankamveka zoti Matchaina alanda ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, alanda bwalo la ndege, alanda ZNBC, wailesi ya boma. Ine ndinkayendetsa takisi. Mzungu wina wochokera ku Johannesburg anandilemba ganyu yomuzungulitsa m'tauni, akuti akufuna mayi wogulitsa nkhuku. Ndinamutengera kwa azakhali. Iwo anayankhula mpaka kukhosi kuuma: chakudya cha nkhuku kukwera mtengo, kwacha kugwa, makada, anyamata a chipani, kutolera ndalama pa benchi tsiku lililonse popanda lisiti. Za Matchaina oweta nkhuku anazitchula podutsa, atawafunsa mobwerezabwereza ngati wapolisi. Iye akungogwedeza mutu, kumwetulira, kugula nkhuku imodzi n'kundipatsa ine.

Nkhani itatuluka, pamwamba panali chithunzi cha azakhali atagwira nkhuku miyendo m'mwamba, mutu wake wonena kuti China ikumeza Zambia. Za chakudya cha nkhuku, ziii. Za kwacha, ziii. Koma za makada anaziika, kamzere kamodzi kumapeto, pamodzi ndi dzina lawo lonse ndi mbali ya msika yomwe amakhala. Kamzere kameneko ndiko kanawapha.

Kunali kutagwa mvula usiku, msika wonse matope. Anyamata anafika m'mawa azakhali asanagulitse ngakhale imodzi, wina atanyamula foni yosweka galasi, kuwaloza nayo pamphuno penipeni: mayi, uyu si inu? Mwayamba kutinenera kwa azungu? Anamenya khola theche, chitseko n'kutseguka. Nkhuku balala pansi pa mawilibala, zina m'ngalande ya madzi akuda, zina anthu anatola osabwezanso. Azakhali, mayi wa zidzukulu, anagwada m'matopemo chitenje chili nyowe, kupepesa ana oti akanatha kuwabereka. Anzawo a pa mabenchi oyandikana onse anayang'ana kumbali, ndipo sindiwanena, nawonso ali ndi ana odyetsa. Pondiimbira foni mawu sankatuluka, ndinkangomva phokoso la msika ndi kupuma kwawo. Pofika masana benchi anali atapatsa munthu wina.

Nanga bwana uja? Nambala yake ya kuno inali itazima kalekale. Imelo sanayankhe. Pa Twitter ankalandira mayamiko kwa anzake, akuti wamvetsera mawu a anthu wamba. Anthu wamba ake ati? Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, eya, kameneko kanameta azakhali anga popanda madzi.

Chondiwawa china n'chakuti nkhani yakeyo inalinso yopotoka. John Bolton, amene anali mlangizi wa Trump pa zachitetezo, anabwereza za ZESCO mu December 2018, boma lathu n'kutsutsa, ndipo mpaka pano kampaniyo ndi ya boma la Zambia. Ndani mwa atolankhani aja anabwerera kudzalemba kuti zija sizinachitike? Titalephera kulipira ngongole mu November 2020, ndalama imene inatigwetsa inali madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja cha Eurobond. Ngongole za Eurobond tinatenga mu 2012, 2014 ndi 2015, zonse pamodzi madola 3 biliyoni, kwa obwereketsa a pa misika ya ndalama ya kunja. Musandimve molakwa, China siyoyera ayi. Pa madola 6.3 biliyoni omwe mayiko otikongoza anavomera kukonzanso ku Paris mu June 2023, oposa 4 biliyoni anali a China, ndipo mu TopStar, kampani youlutsa ma TV, kampani ya ku China ya StarTimes ili ndi gawo lalikulu kuposa ZNBC. Wolemba moona mtima amaika zonsezi pamodzi. Amene amangoona mbali imodzi chaka ndi chaka, ameneyo wasankha timu.

Ndiye inu lowani pa Google, lembani dzina la mtolankhani akukupemphaniyo ndi mawu oti ZESCO, muwerenge zakale zake. Onani amene amawagwira mawu: ngati nthawi zonse ndi kazembe wosatchulidwa dzina ndi katswiri wokhala ku London, anthu a kuno n'kungokhala zithunzi, mwamudziwa. Onaninso amene amamulipira. Xinhua ndi CGTN ndi za boma la China, Voice of America inakhazikitsidwa ndi boma la America, BBC World Service imalandirako ndalama ku boma la Britain. Sizitanthauza kuti onse amanama, koma aliyense ali ndi nkhani zimene amazithamangira ndi zina zimene amazilambalala.

Komabe musamukane kotheratu. Nyuzipepala ya The Post itatsekedwa mu 2016, Prime TV n'kulandidwa laisensi mu 2020, WhatsApp n'kuzimitsidwa tsiku lovota mu August 2021, ambiri tinkathamangira kwa akunja omwewo kuti timve zikuchitika pakhomo pathu. Ngati zolemba zake zakale zikuoneka zolongosoka, chezani naye, nkhani yanu imveke. Ingoyatsani foni yanu ijambule mawu kuyambira moni mpaka kutsanzikana, mumuuze kuti mukujambula. Dzina lanu lenileni ayi, chithunzi cha pa shopu ayi, ndipo akupatseni nambala ya mkonzi wake, osati ya SIM yogula pa bwalo la ndege.