Funsani za Zoimbira: Kabowo ka mahedifoni pa ampu ya madala kakundipweteka mutu

FUNSO: Ba mkonzi, ine ndimakhala ku Chilenje South, ndili ndi ampu ya Pioneer yakale ija yasiliva yomwe anandisiyira malemu bambo anga, ndi masipika ake awiri athabwa imaimba bwino kwambiri, koma manje tili ndi mwana wa miyezi inayi ndiye usiku sindingakweze nyimbo, amake amangondiponyera diso lija ine nkutsitsa ndekha. Msuweni wanga pobwera kuchoka ku Johannesburg anandigulira mahedifoni a Sennheiser HD 599, pa foni amamveka bwino chabe koma ndikawalowetsa pa kabowo ka kutsogolo kwa ampu besi imangoti buuu ngati mutu wanga uli mu dramu, mawu a woimba amabisala, komanso voliyumu ndikangoikhudza pang'ono yakwera kale mpaka makutu kuwawa. Mnzanga wa ku ntchito akuti ndigule ampu yaing'ono ya mahedifoni okhaokha. Kodi si kutaya ndalama kumeneko? Ampu yaikulu chonchi ingalephere bwanji chinthu chomwe kafoni kakukwanitsa?
Bambo wa mwana, Chilenje South

YANKHO: Achimwene, pepani za madala, ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi tisanapite patali, Pioneer imeneyo musadzaigulitse chifukwa cha nkhani iyi, ilibe mlandu. Mphamvu ili nayo yambiri kuposa yomwe mahedifoni angafune, vuto lili pa njira yomwe mphamvuyo imadutsa isanafike m'makutu mwanu.

Ma ampu ambiri akale, ndi ena atsopano omwe, alibe kagawo kapadera koyendetsa mahedifoni. Amangotenga mawu omwe aja akupita ku masipika nkuwadutsitsa mu marezisita, tizipangizo totchinga magetsi tomwe timayezedwa mu ma ohms, kuti achepe mphamvu, kenako nkuwatulutsa pa kabowo. Ndinatsegulapo ina yofanana ndi yanuyo pa tebulo langa kuno ku Kabwata, nditapukuta fumbi kuseri kwa jaki ndinapeza timarezisita tiwiri, kamodzi ka khutu lamanzere kena ka lamanja, mizere yake olenji olenji bulauni, amene amakonza mawailesi akudziwa kuti imeneyo ndi 330 ohms. Ena amaika 220, ena 470, zimasiyana. Kalelo panalibe cholakwika chifukwa mahedifoni ambiri abwino anali a ma ohms ambiri, ngakhale mu 1996 bungwe la IEC, loika miyezo ya zamagetsi pa dziko lonse, linkalembabe kuti kabowo ka mahedifoni kazikhala ndi 120 ohms. Lero zinthu zinatembenuka, mahedifoni ambiri akupangidwira foni ndi laputopu ndiye ma ohms awo ndi ochepa, 16, 32, anuwo ndi 50.

Apa ndiye pali nkhani yonse. Hedifoni yolembedwa 50 ohms sikhala 50 pa mawu onse ayi, pa besi, cha kuma 100Hz, ma ohms a ma Sennheiser a mtundu wanuwo amakwera kangapo. Tiyeni tiwerenge limodzi, tiyerekeze kuti rezisita yanu ndi 330. Pa mawu a pakati pomwe pali mawu a woimba, hedifoni ikulandira 50 pa 380 (50 yake kuphatikiza 330 ya rezisita), ndiye kagawo kochepa, pafupifupi 13 peresenti. Pa besi tiyerekeze yakwera kufika 200, ikulandira 200 pa 530, pafupifupi 38 peresenti. Mwaona? Besi yakula pafupifupi katatu poyerekeza ndi mawu ena osakhudza batani lililonse, ndi dramu lija mukulimvalo. Foni yanu ma ohms ake otulukira ndi ochepa kwambiri ndiye siichita zimenezi, nchifukwa chake kafoni kakuoneka ngati kakuposa ampu ya madala. Odziwa zoimbira amatsata kalamulo koti ma ohms a kabowo asapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a ma ohms a hedifoni, kwa inu ndiye kuti kabowo kosapitirira 6 ohms, inu muli cha kuma 300 uko.

Tsopano chitani masamu omwewo ndi Sennheiser HD 600, ija inatuluka mu 1997 ndipo mpaka lero ikugulitsidwabe, yomwe ndi 300 ohms ndipo pa besi imadutsa 500. Ikulandira 48 peresenti pakati, 60 peresenti pa besi, kusiyana kwake nkochepa, ena mpaka amakukonda chifukwa nyimbo zimamveka zonenepa pang'ono. Ampu yomweyo, kabowo komweko, hedifoni ina, zotsatira zina. Za voliyumu yodumphayo ndi nkhani yapafupi, mahedifoni a masiku ano amamva msanga ndiye mumakhala mukusewera pansi penipeni pa batani, ndipo pamenepo mabatani akale nthawi zambiri khutu limodzi limakwera kuposa linzake.

Ndiye mnzanu wa ku ntchito sananame, ampu yaing'ono ithetsa besi yofufumayo chifukwa zambiri mwa izo kabowo kake ndi ka 1 ohm kapena kuchepera. Koma musanathamangire ndalama dzifunseni kaye kuti usiku nyimbo mumazitenga kuti. Ngati ndi pa foni kapena laputopu, Pioneer isiyeni igone, lowetsani mahedifoni molunjika monga mukuchitira kale, kapena gulani ka dongle ka USB-C, kawaya kolumikizira mahedifoni ku foni kapena laputopu, koma kenikeni, ka Apple kaja nkotsika mtengo ndipo 50 ohms kamayendetsa popanda vuto, chenjerani ndi zofanizira zomwe zadzaza m'tauni. Ngati muli ndi marekodi kapena ma CD a madala, kalindula ija yomwe besi yake imafuna kuti imveke chingwe chilichonse, pamenepo ndi pomwe ampu yaing'ono ili ndi ntchito. Yang'anani kumbuyo kwa Pioneer pali mabowo olembedwa Tape Rec kapena Rec Out, tengani waya wa RCA kuchoka pamenepo kupita ku ampu yaing'onoyo, zimitsani masipika pa batani lakutsogolo, voliyumu muzisinthira pa yaing'onoyo chifukwa Rec Out siimvera batani la voliyumu la ampu yaikulu. Rekodi izidutsabe mu phono ya Pioneer, pomwe pamalowa choimbira marekodi, ngati kale, palibe chomwe mwataya.

Mukamaitanitsa kunja samalani ndi magetsi, apa ndiye pamandipweteka chifukwa ndinaotchapo ndekha adaputa ya 115V nditangoilowetsa pa khoma osawerenga, kanangoti phwi ndi kautsi, mtima unandiwawa sabata yathunthu. Kuno ndi 230V. Ma ampu aang'ono a ku America monga Schiit Magni ndi JDS Labs Atom adaputa yake siisintha yokha, muyenera kusankha ya 230V pogula. Ngati msuweni wanu uja angakupezereni ku South Africa ndi bwino chifukwa magetsi awo ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndiye muzasinthe. Komanso tonse tikukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba momwe malaiti ankasowera tsiku lonse, ampu ya pa khoma nthawi ngati imeneyo imangokhala chokongoletsa, ndipo mukaiyatsa pa invata zotchipa zija imalira zzzz m'makutu. Nchifukwa chake kwa ife a mu Lusaka ndimakonda za batire kapena za USB monga zomwe a FiiO amapanga.

Koma pali china chomwe simunafunse ndipo kwa ine ndiye chachikulu. HD 599 ndi yotsegula kumbuyo, ikani dzanja kunja kwake nyimbo ikuimba mumva, mawu amatulukira kunja kudzera pa kasefa kaja, ndiye ngati mwana akugona chipinda chomwecho diso la amake lija libweranso. Ndikanakhala ine ndalama ya ampu ndikanaisunga nkuonjezera kuti ndigule Beyerdynamic DT 770 Pro, yotseka kumbuyo, ndipo imabwera ya 32, ya 80 ndi ya 250 ohms, inu mutenge ya 250. Imeneyo pa kabowo ka Pioneer idzakhala ngati kwawo, mwana sadzamva kanthu, HD 599 ikhale ya pa foni masana. Dziwani chabe kuti ya 250 pa foni imamveka motsika. Ngati mukudziwa wina wa ku situdiyo kapena woyendetsa zokuzira mawu ku tchalitchi, ambiri amakhala nazo, bwerekani usiku umodzi muyesere pa ampu yanu musanatulutse ngwee. Ndipo kabowoko kapopereni contact cleaner, mankhwala otsukira zamagetsi, ampu itazulidwa pa khoma, zaka zonsezi fumbi la Chilenje lalowamo lambiri.

FUNSO: Ampu yanga ilibiretu kabowo ka mahedifoni, ndingadule waya nkumangirira kumbuyo pomwe pamalowa masipika?
Mlongo wanu, Matero

YANKHO: Ayi achemwali, chonde musayese. Pamenepo palibe rezisita yoteteza, kukweza pang'ono chabe mahedifoni apsa ndipo makutu anu ali mkati. Chinanso, mahedifoni ambiri waya wa negetivu wa kumanzere ndi wa kumanja ndi umodzi, pomwe ma ampu ambiri aang'ono a mtundu wotchedwa Class D ma negetivu ake awiriwo saloledwa kukhudzana, mukawaphatikiza ampu ikhoza kufa nthawi yomweyo. Inu ndi amene ampu ya mahedifoni ikukuyenerani popanda kukambirana, ilumikizeni pa Line Out kapena Rec Out ngati ilipo, ngati palibe ilumikizeni ku chomwe chikutulutsa nyimbocho, kaya ndi TV, kompyuta kapena CD.